Bryn Terfel, woyimba wa ku Wales amene sanathamangire Wagner

Okonda nyimbo za opera amakumbukirabe usiku wina wa mu June 1989, pamene mpikisano wa BBC wotchedwa Cardiff Singer of the World unafika pa ndime yomaliza mu holo ya St David's Hall ku Cardiff, likulu la Wales. Mpikisanowu unayamba mu 1983 ndipo umachitika pakatha zaka ziwiri zilizonse. Chaka chimenecho maso a anthu anali pa anyamata awiri a mawu akuluakulu. Wina anali Dmitri Hvorostovsky wa ku Siberia, wa zaka 26, amene ankakoka mzere wautali wa nyimbo ndi mpweya umodzi mpaka omvera kuiwala kupuma. Mnzakeyo anali Bryn Terfel wa zaka 23, chimphona cha munthu, mwana wa mlimi wa kumpoto kwa Wales, amene anali akumaliza kumene sukulu ya zoyimba ku London. Chikho chinapita kwa Hvorostovsky. Terfel anapatsidwa mphoto ina imene inali itangokhazikitsidwa chaka chomwecho, ya woyimba bwino nyimbo za lieder.

Ambiri anaiona ngati mphoto yopukutira misozi. Ine ndimaiona mosiyana. Lieder ndi ndakatulo za Chijeremani zimene anthu ngati Schubert ndi Schumann anaziikira nyimbo, ndipo zimayimbidwa ndi munthu mmodzi mothandizidwa ndi piyano basi. Palibe zovala za sewero, palibe gulu la zida loti ubisalemo. Ngati sukumva zimene mawuwo akunena, omvera amakutulukira nthawi yomweyo. Oweruza aja analoza penipeni pamene pali mphamvu ya Terfel. Liwu lalikulu alipo ambiri amene ali nalo, koma iye amayimba ngati munthu amene ali ndi nkhani yoti akuuzeni, ndipo safuna kuti liwu ngakhale limodzi likudutseni. Kuti timvetse kumene anatenga khalidwe limeneli, tiyambe ndi kwawo.

Wales ndi limodzi mwa mayiko anayi amene amapanga United Kingdom, ndipo lili ndi anthu oposa pang'ono 3 miliyoni. Lili ndi chilankhulo chakechake, Chiwelishi, chimene munthu wodziwa Chingerezi chokha sangatolepo kanthu. Kalembera wa 2021 anapeza kuti anthu 538,300 amatha kuchilankhula, pafupifupi 18 pa 100 alionse. Ambiri mwa amene amachilankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo ali kumpoto chakumadzulo, m'boma la Gwynedd, dera la mapiri, nkhosa ndi migodi yakale ya miyala yofolera nyumba. Kumeneko, m'kamudzi kotchedwa Pant Glas, ndi kumene Bryn Terfel Jones anabadwa pa 9 November 1965. Bambo ake anali mlimi wa ziweto. Pakhomo, kutchalitchi ndi pocheza ndi anzake chilankhulo chinali Chiwelishi, Chingerezi chinabwera pambuyo. Sekondale anaphunzira ku Ysgol Dyffryn Nantlle m'tauni ya Penygroes.

Mwana wa m'dera ngati limeneli amakulira mu eisteddfod. Uwu ndi mpikisano wa kuyimba, kulakatula ndakatulo ndi kuyimba zida, ndipo ulipo m'magawo osiyanasiyana. Pali ing'onoing'ono ya m'midzi imene imachitikira m'holo kapena m'tchalitchi. Pali wa achinyamata umene amakonza a bungwe la Urdd, limene linakhazikitsidwa mu 1922. Pamwamba pa yonse pali National Eisteddfod, umene umachitika sabata yoyamba ya August, chaka china kumpoto chaka china kumwera, ndipo kuyambira 1950 lamulo lake ndi loti zonse za pa nsanja zichitike m'Chiwelishi. Amene anayimbapo pa mpikisano wa makwaya a mpingo akudziwa mantha ake: nyimbo imodzi yomweyo, magulu ambiri, oweruza ali phee ndi zolembera zawo. Ku eisteddfod yaikulu umayamba wayimba m'kachipinda kena pamaso pa woweruza, ndipo atatu okha ndi amene amakwera pa nsanja yeniyeni. Pomaliza woweruza amafotokoza zimene wamva, kuphatikizapo pamene wameza chilembo kapena pamene wapumira pakati pa ganizo. Terfel anayamba kupikisana ali kamwana, ndipo anapitiriza mpaka mawu ake atasintha.

Pali mtundu wina wa kayimbidwe ka ku Wales umene ndikufuna tiuonere pafupi, chifukwa umafotokoza zambiri. Amautcha cerdd dant. Woyimba harp, zeze wamkulu wa zingwe zambiri, amayamba yekha nyimbo yodziwika. Woyimba pakamwa amadikira, kenako amalowa pakati, osati ndi nyimbo ya zezeyo koma ndi ina yosiyana, atanyamula ndakatulo. Nyimbo ziwirizi zimayenda limodzi, iliyonse njira yake, ndipo lamulo ndi loti zithere pamodzi pa liwu lomaliza la ndime. Chofunika kwambiri ndi ndakatuloyo. Malo amene liwu limatsindikidwa polankhula ayenera kugwera pa kugunda kwa zeze, ndipo ndakatulo zambiri za Chiwelishi zimalukidwa mwa kubwereza zilembo mwadongosolo m'kati mwa mzere umodzi. Ukameza chilembo chimodzi, luso la mlakatuli lawonongeka. Mwana amene wazolowera zimenezi amadziwa msanga kuti nyimbo ndi yotumikira mawu. Patapita zaka, anthu a ku Vienna ndi Salzburg ankadabwa ndi mmene Terfel amatchulira Chijeremani momveka, koma maziko ake anali atayalidwa kale m'maholo a m'midzi ya ku Gwynedd.

Mu 1984, ali ndi zaka 18, anapita ku London kukaphunzira ku Guildhall School of Music and Drama. Mphunzitsi wake woyamba anali Arthur Reckless, amene anamuyambitsa ndi nyimbo za Chingerezi zosalemetsa pakhosi. Kenako anaphunzira kwa Rudolf Piernay, amene anamulowetsa mozama m'nyimbo za Chijeremani. Mu 1988 anapambana mphoto ya Kathleen Ferrier, ndipo mu 1989 anatenga mendulo ya golide ya sukuluyo. Dzina loti Jones analisiya chifukwa panali kale woyimba wina wotchuka wa ku Wales, Delme Bryn-Jones, ndipo anthu akanawasokoneza.

Liwu lopanda maikolofoni

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono za ntchito yeniyeniyo, chifukwa popanda zimenezi zisankho za Terfel sizingamveke. Opera ndi sewero limene mawu ake onse, kapena pafupifupi onse, amayimbidwa, ndipo kutsogolo kwa siteji kumakhala dzenje mmene mumakhala okesitira, gulu la oyimba zida. Woyimba wa opera sagwiritsa ntchito maikolofoni. Nyumba ya Metropolitan Opera ku New York ili ndi mipando pafupifupi 3,800, ya Royal Opera House ku Covent Garden mu London ili ndi yoposa 2,200, ndipo munthu wokhala kumbuyo kwenikweni ayenera kumva liwu la munthu mmodzi likudutsa pamwamba pa zida 60, 80, mwinanso zoposa 100.

Kukuwa sikungathandize, chifukwa palibe khosi limene lingapose malipenga pa phokoso. Chinsinsi chili pa kaumbidwe ka liwu. Mphamvu yambiri ya phokoso la okesitira imakhala m'munsi, cha m'ma 500 hertz (hertz ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa liwu). Woyimba wophunzitsidwa bwino amatsitsa kholingo pang'ono n'kutsegula kummero mwa njira yoti liwu lake likhale ndi kuwala kwina cha m'ma 3,000 hertz, pamene zida zilibe mphamvu zambiri komanso pamene khutu la munthu limamva msanga. Liwu limadutsira pampata pamenepo. Zonsezi zimachokera pa timinofu tiwiri ta pakhosi totalika masentimita awiri okha, timene timatopa, kutupa ndi kuvulala ngati minofu ina iliyonse.

M'kwaya timadziwa tena ndi besi. Pakati pa awiriwa pali baritoni, ndipo pakati pa baritoni ndi besi pali amene amawatcha bass-baritone, amene ali ndi kulemera kwa besi koma amatha kukwera ndi kukhalitsa m'mwamba. Terfel ali m'gulu limeneli. Mawu oterewa amachedwa kukhwima. Mnyamata wa zaka 25 atha kumveka ngati wakonzeka, koma minofu ndi mpweya wake zimafika pachimake akamayandikira zaka 40. Vuto ndi loti eni nyumba za opera akamva liwu lalikulu sadikira. Oyimba amene amatha masewero olemera a Richard Wagner, wopeka opera wa ku Germany, ndi osowa, ndipo akangoona mmodzi amamuthamangira ndi makontirakiti. Alipo ambiri amene anavomera msanga, n'kuwala zaka zisanu, kenako liwu n'kuyamba kugwedera osabwereranso.

Terfel anadziika yekha pa ngoziyi, chifukwa pa ndime yomaliza ya ku Cardiff ija anayimba gawo lalitali la mu Der fliegende Holländer ya Wagner, ndipo aliyense anamva kuti wapezeka amene m'tsogolo adzasewere Wotan, mfumu ya milungu m'masewero aakulu a Wagner. Koma paja kuthamanga sikufika. Anadikira zaka 15.

M'malo mwake anatenga Mozart. Anayamba mu 1990 ndi kampani ya kwawo, Welsh National Opera, ngati Guglielmo mu Così fan tutte, kenako ngati Figaro mu Le nozze di Figaro. Figaro ameneyu ndiye anamutsegulira zitseko: English National Opera ndi Santa Fe ku America mu 1991, Vienna mu 1993, Metropolitan Opera mu 1994, La Scala ku Milan mu 1997. Nkhani ya seweroli, limene linaonetsedwa koyamba mu 1786, ndi ya wantchito wa m'nyumba amene akukwatira lero, koma bwana wake akufuna mkwatibwiyo. Figaro ayenera kumenya nkhondoyi ndi nzeru, poti mphamvu alibe. Mbali yaikulu ya seweroli ndi kukambirana kofulumira m'Chitaliyana, koyimbidwa ngati kulankhula, ndipo oyimba ambiri amangokudutsa mothamanga kuti akafike pa nyimbo zotchuka. Terfel ankakutenga ngati pamene pali sewero lenilenilo. Figaro wake ankaseka, koma pansi pa kusekako munkamveka mkwiyo wa munthu amene akudziwa kuti akhoza kumunyamula bwanayo ndi dzanja limodzi, ndipo akudziletsa. Anasewera gawoli mpaka 2007, pamene analisiyira ku New York.

Mu Don Giovanni, sewero lina la Mozart, anakwera makwerero onse. Anayamba ngati Masetto, mlimi amene amalandidwa mkazi pa tsiku la ukwati, ndipo ndi gawo limeneli anaonekera koyamba ku Covent Garden mu 1992. Kenako anakhala Leporello, wantchito amene amasunga buku la mayina a akazi a bwana wake. Pomaliza anakhala Giovanni mwiniwakeyo. Kunena zoona, ine ndimamukonda kwambiri ngati Leporello. Giovanni wake ndi woopsa ndithu, koma wachiwawa kwambiri moti umadabwa kuti akazi onsewo anakopeka naye bwanji.

Chimene chinamutchukitsa ku Ulaya konse chinachitika mu 1992 pa chikondwerero cha Salzburg ku Austria, mu Salome ya Richard Strauss, motsogozedwa ndi Christoph von Dohnányi. Nkhani yake ndi ya m'Baibulo ija ya mwana wopeza wa Herode amene anavina n'kupempha mutu wa Yohane Mbatizi. Terfel anali Yohane. Gawoli ndi lolemera koma lalifupi, ndipo mbali ina mneneriyo amayimba ali m'chitsime mmene anamutsekera, osaoneka, liwu lokha likutuluka pansi. Linali yeso labwino kwa munthu wa zaka 26: kulawa okesitira yaikulu ya Chijeremani popanda kuisenza maola anayi. Posakhalitsa anasaina kontirakiti ndi kampani yojambula nyimbo ya Deutsche Grammophon, ndipo akuluakulu otsogolera okesitira ngati Georg Solti, Claudio Abbado ndi John Eliot Gardiner anayamba kumuitana.

Pa nthawi yomweyo sanasiye nyimbo za piyano. Chimbale chake cha 1995, The Vagabond, chimene anajambula ndi woyimba piyano Malcolm Martineau, chili ndi nyimbo za olemba a ku England monga Vaughan Williams, Butterworth, Finzi ndi Ireland. Amene akufuna kumva zimene ndikunena za mawu ayambire pamenepo. Muli nyimbo ina imene munthu wakufa amafunsa mnzake wamoyo za mahatchi ake olimira, za mpira ndi za bwenzi lake. Terfel amayimba mafunso a wakufayo ndi kaliwu kopyapyala kopanda magazi, mayankho a wamoyo ndi liwu lodzaza, ndipo sufunika kuuzidwa kuti akulankhula ndani. Otsutsa ena amati amanyanya, kuti amakonda kunong'ona ndi kukometsera liwu lililonse mpaka mzere wa nyimbo umaduka. Nthawi zina amanena zoona, makamaka m'zimbale za pambuyo pake. Komabe kunyanya kotereku ndimakukhululukira msanga kusiyana ndi liwu lokongola limene silikunena kanthu.

Mu 1999, ali ndi zaka 33, anatenga Falstaff, sewero lomaliza la Verdi la mu 1893. Falstaff ndi nkhalamba yonenepa, yoledzera, yopanda ndalama, imene imalembera akazi awiri okwatiwa kalata imodzimodzi yachikondi ndipo imathera m'dengu la zovala zakuda n'kuponyedwa mumtsinje. Anayamba ku Sydney, kenako Chicago, ndipo mu December chaka chomwecho anatsegulira nalo Royal Opera House itakonzedwanso, Bernard Haitink akutsogolera. Mnyamata ankavala chimimba chochita kupanga kuti aoneke nkhalamba. Gawoli lilibe nyimbo zazitali zoti munthu aonetsere liwu. Ndi mawu okhaokha othamanga, nthabwala, kung'ung'udza, ndipo n'chifukwa chake linamukhala ngati anachita kumuyeza.

Wotan

Der Ring des Nibelungen ya Richard Wagner ndi masewero anayi olumikizana, pafupifupi maola 15 a nyimbo, amene anaonetsedwa koyamba onse pamodzi ku Bayreuth mu 1876. Wotan, mfumu ya milungu, amapezeka m'masewero atatu oyamba. Ndi wolamulira amene mphamvu zake zagona pa mapangano olembedwa pa mkondo wake, koma iye mwini amaba mphete ya golide kuti alipire amene anamumangira nyumba, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene achita kuti akonze zinthu chimamumanga kwambiri. Amafika pololera kuti mwana wake wamwamuna aphedwe, kenako amalanga mwana wake wamkazi wokondedwa, Brünnhilde, chifukwa chochita zimene mtima wa bambo ake unkafunadi.

Kulemera kwa gawoli kuli pawiri. Koyamba ndi kutalika: mu Die Walküre, sewero lachiwiri, Wotan amayimba kwambiri m'chigawo chachiwiri, kenako amayenera kusunga mphamvu za kumapeto kwenikweni, pamene amatsanzikana ndi mwana wake okesitira yonse ikulira. Kwachiwiri ndi nkhani yaitali imene amafotokozera Brünnhilde, mphindi zoposa 20, yoyambira pansi penipeni ngati munthu akudzilankhulira. Woyimba amene amadalira kukula kwa liwu amagonetsa anthu tulo pamenepa. Apa ndi pamene mwana wa eisteddfod uja anapezerapo mwayi. Terfel anaiyimba ngati kuulula kwa munthu wamanyazi, liwu ndi liwu, ndipo holo inkakhala chete kumvetsera nkhani imene ambiri amaiona ngati yotopetsa.

Anayamba Wotan ku Covent Garden mu December 2004, ali ndi zaka 39, mu Das Rheingold, Antonio Pappano akutsogolera ndipo Keith Warner akukonza seweroli. Die Walküre inatsatira mu 2005. Dongosolo linali loti mu 2007 ayimbe Ring yonse.

Sizinatero. Mu September 2007, zokonzekera zitayamba kale, Terfel anachoka n'kubwerera kwawo chifukwa mwana wake wa zaka zisanu ndi chimodzi anavulala chala ndipo ankafunika maopaleshoni angapo. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo mkwiyowo uli ndi chifukwa chake. Nyumba zikuluzikulu za opera zimasungitsa oyimba zaka zinayi kapena zisanu zisanafike. Matikiti a Ring ndi odula, amatha msanga, ndipo ena amagula ndi matikiti a ndege omwe. Ambiri anagula chifukwa cha dzina lake. John Tomlinson, Wotan wakale wodziwa ntchito amene anayenera kusinthana naye, anasenza mausiku onse. Manyuzipepala ena anafunsa ngati chala cha mwana chingaimitse ntchito yaikulu chotero, ena ankanong'ona kuti mwina akuopa gawolo. Ine sindiona chodabwitsa. Munthuyu anali atakana kale kusamukira ku London, Vienna kapena New York, ankakhalabe kufupi ndi Caernarfon, kwawo ku Gwynedd, ndipo ankanena poyera kuti sakonda kukhala miyezi yambiri kutali ndi ana. Amene anamulemba ntchito ankadziwa kuti akulemba munthu wotani. Komanso n'zoona kuti anzake a pa siteji ndi amene analipira mtengo wa chisankho chakecho, ndipo mbiri yoti Terfel akhoza kukusiyani pa njira inamutsatira kwa zaka.

Ring yonse anadzaiyimba ku Metropolitan Opera pakati pa 2010 ndi 2012, m'sewero lokonzedwa ndi Robert Lepage, limene anthu amalikumbukira chifukwa cha chimakina cha matani 45 chokhala ndi matabwa akuluakulu 24 ozungulira, chimene chinkalira ndi kukakamira nthawi zina oyimba ali pamwamba pake. Anabwereranso ku Covent Garden mu 2012 n'kumaliza ngongole ija ya 2007.

Koma ambiri amene anamuona amati chimake cha ntchito yake ndi Hans Sachs mu Die Meistersinger von Nürnberg, gawo limene ambiri amaliyesa lalitali kuposa onse a mawu a mtundu wake, m'sewero la maola anayi ndi theka a nyimbo. Akanatha kuliyambira kulikonse pa dziko lapansi. Anasankha Cardiff, mu 2010, ndi Welsh National Opera, mu Wales Millennium Centre imene iye anathandiza kutsegulira mu 2004. Sachs anali munthu weniweni wa m'zaka za m'ma 1500, wosoka nsapato komanso mlakatuli wa mumzinda wa Nürnberg. Seweroli likukamba za mpikisano wa kuyimba wa amisiri a m'tauni, wokhala ndi malamulo okhwima ndi woweruza amene amalemba cholakwa chilichonse ndi choko pa bolodi. Oyimba ena amachita kuwerenga m'mabuku kuti amvetse dziko lotere, pamene Terfel anakuliramo. Pali chigawo china pamene Sachs amakhoma nsapato ndi hamala nthawi iliyonse imene woyimba wina walakwitsa katchulidwe ka mawu, ndipo ndikukhulupirira kuti Awelishi ambiri m'holo muja anakumbukira oweruza a ubwana wawo.

Pali mbali ina ya ntchito yake imene okonda opera ena amaikwinyira nkhope. Terfel sanafune kukhala wa m'nyumba za opera zokha. Anajambula nyimbo za masewero otchuka a ku Broadway mu New York, nyimbo zamakolo ndi za m'tchalitchi za ku Wales, ngakhale chimbale ndi kwaya ya Mormon Tabernacle. Anayimba pa usiku womaliza wa makonsati a BBC Proms mu 1994, ndipo atabwereranso mu 2008 anavala chovala chokhala ndi chinjoka chofiira cha pa mbendera ya Wales. Mu 1999 anayimba ndi Shirley Bassey potsegulira mpikisano wa dziko lonse wa rugby mu Millennium Stadium ku Cardiff. Anasewera Sweeney Todd, wometa tsitsi wakupha anthu, ku Chicago mu 2002, komanso Tevye wogulitsa mkaka mu Fiddler on the Roof mu 2015. Zina mwa zimbalezi ndi zotsekemera mopitirira, zopangidwira msika wa Khirisimasi, ndipo sindingazitetezere zonse. Koma amene amati anadzitsitsa amaiwala kuti ku Wales kwaya ya amuna a m'migodi, nyimbo ya m'tchalitchi ndi nyimbo ya pa bwalo la rugby ndi anthu amodzimodzi amene amaziyimba. Kusiyanitsa kwa nyimbo zapamwamba ndi za anthu wamba anakakupeza ku London.

Mu 2000 anayambitsa chikondwerero chake pa esiteti ya Faenol pafupi ndi Bangor, kuti anthu a kwawo amve oyimba otchuka a dziko lapansi popanda ulendo wa ku London. Usiku wina unkakhala wa opera, wina wa nyimbo za Broadway, wina wa magulu a achinyamata oyimba m'Chiwelishi. Chinayenda zaka zingapo, koma chikondwerero cha panja m'dera la mvula ndi la anthu ochepa ndi bizinesi yovuta. Cha 2009 chinalephereka, cha 2010 chinalepherekanso matikiti atagulidwa ochepa, ndipo chinathera pomwepo. Chimene chinakhalitsa ndi thumba la maphunziro la dzina lake limene bungwe la Urdd linkapereka kwa wachinyamata wopambana pa opambana a eisteddfod yawo.

Ulemu wa boma unabwera motsatana: CBE mu 2003, Queen's Medal for Music mu 2006, ndipo mu 2017 anakhala Sir Bryn. Chaka chomwecho cha 2017, mu November, Hvorostovsky anamwalira ndi khansa ya mu ubongo ali ndi zaka 55. Pa 6 May 2023, pa mwambo wolonga ufumu Charles III ku Westminster Abbey, Terfel anayimba pemphero lija la Ambuye mutichitire chifundo, limene Paul Mealor analiikira nyimbo, m'Chiwelishi. Kanali koyamba kuti chilankhulochi chiyimbidwe pa mwambo wolonga mfumu ya Britain, ngakhale kuti Wales yakhala pansi pa mafumu a ku London kuyambira m'zaka za m'ma 1280. Si Awelishi onse amene anasangalala, poti alipo ambiri, makamaka kwawo ku Gwynedd, amene safuna za ufumuwo n'komwe.

Liwu limakalamba, ndipo woyimba wanzeru amasintha katundu msana usanathyoke. Wotan wa pa siteji anamusiya. Mu 2016 anatenga Boris Godunov ya Mussorgsky ku Covent Garden, zimene zinamufunika kuphunzira kuyimba m'Chirasha ali ndi zaka 50. Scarpia, mkulu wa apolisi wankhanza wa mu Tosca, wakhala akumubwereza kwa zaka zambiri, chifukwa gawoli limadalira kuopsa kwa munthu kuposa kutalika kwa mpweya. Kumayambiriro kwa 2020 anagwa ku Bilbao n'kuthyoka mwendo cha pa kakolo, ndipo analephera kukayimba Holländer ku New York. M'zaka zimenezi watsamira kwambiri ku magawo a nthabwala. Mu 2019, chaka chimene anakwatira woyimba zeze Hannah Stone, anasewera Don Pasquale, nkhalamba yaumbombo imene imafuna kamtsikana ndipo achinyamata amaipusitsa mpaka kulapa. Mu 2023 anavomera kagawo kakang'ono ka Don Basilio mu Il barbiere di Siviglia ya Rossini, mphunzitsi wa nyimbo wokonda ziphuphu amene ali ndi nyimbo imodzi yokha yaikulu, yofotokoza mmene miseche imayambira ngati kamphepo n'kukula mpaka kuphulika ngati mzinga. Figaro wa m'sewero limenelo anali mnyamata wa ku Poland, Andrzej Filończyk, amene anali asanabadwe pamene Terfel ankayimba ku Salzburg mu 1992.